NZERU ZA AMISIRI: Asidi ndi Zitsulo Sizigona Nyumba Imodzi

Dzinja likafika, amisiri ambiri a m'midzi ndi m'matauni a cigawo ca Kum'mawa amayamba kudandaula za dzimbiri. Sowo imene inali kung'anima mwezi wa Okutobala imafiira, mano a tupa amabuntha, ndipo misomali imamatana m'citini. Ambiri amaloza cala mvula ndi cinyezi. Nthawi zina mvulayo imakhaladi ndi mlandu, koma m'nyumba zambiri zogwiriramo nchito mdani weni-weni ndi botolo laling'ono la asidi limene laikidwa pa thandala pamodzi ndi zida. Botolo lotere likhoza kuononga zida za ndalama zambiri liri citsekere, dontho limodzi lomwe lisanatayike pansi.

Nkhaniyi ikhudza banja lonse, pakuti sowo, nsompho, sipanala ndi khasu ndizo zimadyetsa ana ndi kuwatumiza ku sukulu. Cida cikafa ndi dzimbiri pakati pa dzinja, nthawi imene ndalama za mbeu za caka catha zatha kale, nchito imaima kufikira kukolola.

AMENE AMAGWIRA ASIDI

Amisiri okhoma ndowa, zothirira dimba ndi nyale za zitini ndiwo amadziwana kwambiri ndi asidi. Asanalumikize malata ndi mtovu, amapaka madzi otsuka pamalo polumikizapo. Madziwo amawapanga poponya tizidutswa ta zinki, kawiri-kawiri ta zikopa za mabatire akale a tochi, mu asidi amene pa botolo lake amalemba kuti hydrochloric acid kapena spirits of salts. Asidi yemweyo amagwiritsidwanso nchito ndi omanga nyumba pocotsa simenti pa njerwa.

Ena amalemba maina pa zida zao ndi asidi kuti zisasowe zikabwerekedwa. Amapaka phula kapena kandulo wosungunula pa citsulo, nalemba dzina ndi nsonga ya msomali, kenaka nadonthezera asidi m'mizeremo. Asidi amadya pamene phula lacoka, ndipo dzina limatsala lozokoteka. Luso limeneli ndi lakale. Ca m'ma 1500, mmisiri wina wa ku Augsburg m'dziko la Germany, dzina lake Daniel Hopfer, anatenga njira imene anali kukometsera nayo zovala zacitsulo za ankhondo, nayamba kuzokota zithunzi pa mbale zacitsulo zosindikizira pa pepala. Amisiri a pambuyo pake anasamukira ku mbale zamkuwa, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali dzimbiri lomweli.

Ozokota zithunzi pa mkuwa amagwiritsa nchito nitric acid kapena madzi ofiirira ochedwa ferric chloride, amenenso okonza mawailesi amadyetsera mkuwa pa timatabwa ta mkati mwa wailesi. Ndipo masiku ano, pamene magetsi a dzuwa afika m'midzi yambiri, nyumba zoculuka ziri ndi batire lalikulu lofanana ndi la galimoto. M'batire lotere muli sulphuric acid wosakaniza ndi madzi, pafupi-fupi gawo limodzi la asidi mwa magawo atatu.

M'MENE NTHUNZI IMADYERA CITSULO

Dzimbiri limabadwa pamene citsulo cakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya umene anthu amapuma. Popanda cothandizira, nchitoyi imayenda pang'ono-pang'ono. Asidi ndiye amaifulumizitsa.

Mwa mitundu yonse yachulidwayi, woopsa koposa kwa zida ndi hydrochloric acid. Asidi ameneyu ndi mpweya wosungunulidwa m'madzi, ndipo m'botolo la asidi wamphamvu mpweyawo umakwana pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Mpweyawo sukhazikika m'madzimo. Umathawa nthawi iriyonse botolo likatsegulidwa, umadutsa m'mphepete mwa citsekero, ndipo umatha kupyola pang'ono-pang'ono ngakhale m'khoma la cigubu copyapyala ca pulasitiki. Kukatentha, monga m'nyumba ya malata masana, umathawa kwambiri.

Usiku citsulo cimazizira, ndipo cinyezi ca mumpweya cimakhala pa ico monga mame pa udzu. Nthunzi ya asidi ikakumana ndi cinyezico, pa citsulo pamakhala timadontho ta asidi tosaoneka ndi maso. Asidiyo akadya citsulo amasiya mtundu wa mcere umene umakoka madzi mumpweya, monga momwe mcere wa m'khichini umanyowera m'dzinja. Mcerewo posanduka dzimbiri umamasulanso asidi uja, ndipo iye amayamba kudya malo atsopano. Ici ndico cifukwa cake nthunzi yocepa imaononga kwambiri, ndiponso cida cimene cangopukutidwa ndi nsanza cimafiiranso patapita masiku owerengeka. Ngakhale mipeni ndi miphika ya citsulo cimene anthu amati sicicita dzimbiri imabooka timaenje ikakhala pafupi ndi nthunzi imeneyi.

Ferric chloride amatulutsa nthunzi ya mtundu womwewo, koma mocepa, ndipo dontho lake limadya citsulo, mkuwa ndi aluminiyamu. Nitric acid amatulutsa utsi wacikasu kapena wofiirira umene umaononga zitsulo ndi mapapu omwe. Asidi wa m'batire satulutsa nthunzi akakhala cete, koma batire likamalandira moto limawira ndi kufalitsa timadontho tating'ono kwambiri. Timadontho timeneti ndito timasiya unga woyera kapena wobiriwira pa mitu ya batire.

ZIZINDIKIRO ZA MDANI

Dzimbiri la asidi liri ndi maonekedwe ake. Limabwera ngati fumbi lofiira lofalikira mofanana pa zida zonse zimene ziri poyera, ndipo limaculuka pa zida zoyandikana ndi botolo. Limabwera ngakhale m'cilimwe, pamene denga silidontha ndipo pansi ndi pouma. Pepala la dzina pa botolo limafumbutuka kapena kunyowa, citsekero cimang'aluka, malata a pamwamba pa thandala amacita banga, ndipo mahinjesi a citseko ndi loko zimalimba. Wolowa m'nyumbamo m'mawa, citseko citakhala cotseka usiku wonse, amamva kafungo kolasa m'mphuno. Mmisiri akaona ziwiri kapena zitatu mwa zizindikiro izi, asayambe wakwera pa denga kukafuna podontha. Ayambe watulutsa botolo.

COTENGERA COYENERA

Asidi akhale m'botolo limene anagulidwiramo, pakuti opanga anasankha cotengera cimene asidiyo sangacidye. Ngati kuli kofunika kumusamutsa, cotengera catsopano cikhale ca galasi kapena ca pulasitiki wocindikala. Pansi pa zigubu zambiri pali cizindikiro ca ngodya zitatu cokhala ndi nambala mkati. Nambala 2 ndi nambala 5 ndizo zimapirira hydrochloric acid, ferric chloride ndi asidi wa m'batire. Nambala 1 ndi ya mabotolo a zakumwa ndi madzi, ndipo siyenera konse. Nitric acid wamphamvu amafooketsa pulasitiki m'kupita kwa nthawi, ndipo kuwala kwa dzuwa kumamuononga, cotero malo ake ndi botolo la galasi lakuda.

Citini, ndowa ya malata, mphika wa aluminiyamu ndi botolo la citsekero cacitsulo sizisungira asidi wa mtundu uliwonse. Cisononkho ca cimanga, nsanza kapena pepala sizitseka botolo la asidi. Citsekero cikhale ca pulasitiki, cokhwima bwino, ndipo mlomo wa botolo upukutidwe nthawi iriyonse asidi akathiridwa.

Botolo la cakumwa liri ndi ngozi ina yoposa ya dzimbiri. Asidi wa m'batire amaoneka ngati madzi, ndipo mwana wa ludzu safunsa. Botolo liri lonse la asidi lilembedwe dzina la asidiyo ndi liu lakuti NGOZI m'zilembo zazikulu, ndipo onse a pa banja, ngakhale amene sadziwa kuwerenga, auzidwe tanthauzo lake.

Kuli mtundu wina wa asidi wozokotera galasi, wochedwa hydrofluoric acid. Ameneyu amadya galasi lomwe, amalowa m'khungu kufikira ku fupa, ndipo akhoza kupha munthu ndi cilonda cooneka cacing'ono. Sayenera kusungidwa pa mudzi ngakhale pang'ono.

KANYUMBA KA ASIDI

Lamulo lalikulu ndi lakuti asidi akhale ndi nyumba yake-yake. Kabati yotseka mkati mwa nyumba ya zida sithandiza, cifukwa nthunzi imadzaza kabatiyo, kudya misomali ndi mahinjesi ake, kenaka kutulukira ku zida. Cipinda cogona, khichini ndi nkhokwe ndi malo osayenera konse.

Mmisiri akhoza kumanga kanyumba ka njerwa kofika m'ciuno, pa mthunzi, patali ndi nyumba ya zida, citsime ndi pamene ana amasewera. Kakhale pamalo okwera kuti madzi a mvula asalowemo. M'makoma musiyidwe mipata pansi ndi pamwamba kuti mphepo idzipita, koma mipatayo ikhale yaing'ono yosalowa dzanja la mwana kapena nkhuku. Denga la malata lidzabooka msanga, cotero ndi bwino kuvundikira ndi mwala waphanthi kapena cidutswa ca konkire. Citseko cathabwa cikhoza kumangidwa ndi malamba odula ku tayala lakale m'malo mwa mahinjesi acitsulo. Loko akhale kunja, adzithiridwa mafuta kawiri-kawiri, ndipo kiyi isungidwe ndi munthu wamkulu mmodzi.

Mkati mwa kanyumbako, botolo liimikidwe m'ndowa ya pulasitiki yothira mcenga wouma pansi, kuti lisagwe ndiponso kuti likang'aluka asidi atsalire m'ndowamo. Pambali pa botolo paikidwe kapu ya pulasitiki yokhala ndi laimu kapena soda wophikira, pakuti izi zimamwa nthunzi yothawa. Zikauma gwa kapena kunyowa, zisinthidwe. Civundikiro ca ndowa cingosanjikidwa osakanikiza, kuti mpweya usapanikizike mkati. Mtundu uliwonse wa asidi ukhale ndi ndowa yake, ndipo zonse zikhale pansi. Botolo lokhala pamwamba pa mutu wa munthu likagwa, limayambira ku maso.

Batire la magetsi a dzuwa silingakhale kutali ndi nyumba, koma likhale pamalo opita mphepo, m'beseni la pulasitiki, kutali ndi zida, mbaula ndi nyale. Batire likamalandira moto limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Sipanala ikagwera pa mitu yake iwiri imathetheka moto wokwanira kuyatsa mpweyawo. Madzi a m'batire lotsegula akacepa, muonjezedwe madzi ochezedwa a batire okha, osati asidi kapena madzi a pa citsime.

ANANSI OSAYENERANA

Asidi asayandikane ndi Jik kapena mankhwala a kolorini othira m'madzi akumwa. Ziwirizi zikasakanizika zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umatsamwitsa munthu m'kanthawi kocepa. Nitric acid asayandikane ndi utuci, nsanza, udzu, parafini, petulo kapena mafuta, cifukwa akhoza kuyatsa moto popanda macesi. Mankhwala opopera thonje ndi fodya, ndi feteleza, zikhalenso kwina.

Alimi adziwenso kuti feteleza mwini wake ndi bwenzi la dzimbiri. Iye ndi mtundu wa mcere wokoka cinyezi, ndipo makasu, pulawo ndi njinga zotsamira pa matumba ake zimafiira msanga. Ngolo kapena wilibala imene yanyamula feteleza itsukidwe tsiku lomwelo.

POGWIRA NCHITO

Botolo litsegulidwe panja, munthu atafulatira mphepo, zida zina ziri kutali. Athire pang'ono pokwanira nchito ya tsikulo m'kambale ka galasi kapena pulasitiki, natseke botolo, nalibwezere ku kanyumba kake nchito isanayambe. Magalasi ochinga maso ndi magolovesi a mphira ndi zochipa poyerekeza ndi diso. Ndowa yodzaza madzi oyera ikhale pafupi nthawi zonse.

Pofuna kucepetsa mphamvu ya asidi, asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'ono-pang'ono. Madzi sathiridwa mu asidi, cifukwa amawira mwadzidzidzi ndi kuthovukira ku nkhope. Poponya zinki mu asidi pamatuluka hydrogen, cotero nchitoyo icitikire panja, kutali ndi mbaula ndi fodya woyaka. Ndowa ikalumikizidwa, msoko utsukidwe ndi madzi a soda, pakuti madzi otsukira aja akatsalira amayamba kudya msokowo. Wophunzira nchito asacite manyazi kufunsa amisiri akale kapena aphunzitsi a sukulu za umisiri monga ya ku Chipata, pakuti safunsa anadya phula.

Njira yabwino koposa yosungira asidi ndiyo kukhala naye wocepa. Amisiri a msika umodzi akhoza kugula botolo limodzi ndi kumanga kanyumba kamodzi. Wofuna kungoika cizindikiro pa khasu kapena nkhwangwa safunikira asidi konse: akhoza kuceka mizere ndi tupa, kukhoma madontho ndi msomali wolimba, kapena kuwocha dzina pa mpini.

KUPULUMUTSA ZIDA ZIMENE ZAGWIDWA KALE

Botolo likacoka, zitseko ndi mazenera zitsegulidwe kwa masiku angapo, ndipo mathandala apukutidwe ndi madzi a soda. Kupaka mafuta pamwamba pa dzimbiri la asidi ndi kungobisa mdani, cifukwa mcere uja umapitiriza kudya kunsi. Zida ziyambe zatsukidwa m'madzi ofunda osungunuliramo soda, zikwecedwe ndi burashi ya waya kapena sandipepala, zitsukuluzidwe m'madzi oyera, ndipo ziumitsidwe msanga pa dzuwa. Zisaumitsidwe pa moto waukulu, pakuti citsulo cakuthwa cikatentha mpaka kusintha mtundu cimafewa ndipo sicisunganso ukali wake.

Kumene soda wasowa, phulusa la nkhuni limathandiza. Amai amadziwa kale mphamvu yake, cifukwa madzi ochezedwa m'phulusa ndiwo cidulo cophikira therere. Mphamvu imene imafewetsa ndiwo ndi yomweyo imene imapha asidi.

Zida zikauma zipakidwe mafuta pang'ono, ndipo mipeni yokhudza cakudya ipakidwe mafuta ophikira. Zisungidwe m'bokosi lathabwa lotseka kapena zipacikidwe pa khoma, osati kugonekedwa pa dothi. Patapita sabata ziyang'anidwenso, ndipo ngati kufiira kwabwerera, zitsukidwenso.

NGOZI IKAGWA

Asidi akatayikira pansi, pazingidwe ndi mcenga kapena dothi louma, kenaka pawazidwe laimu, soda kapena phulusa pang'ono-pang'ono kufikira thovu litaleka. Utuci ndi nsanza zisagwiritsidwe nchito.

Akagwera pa khungu, covala conyowa civulidwe ndipo pathiridwe madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 kapena kuposa. Akagwera m'diso, zikope zikanulidwe ndipo madzi ayende m'disomo kwa nthawi yomweyo, kucokera ku mphuno kupita kunja kuti asalowe m'diso lina. Mafuta, mankhwala otsukira mano, soda kapena phulusa zisapakidwe pa cilonda kapena m'diso. Munthu akamwa asidi, asakakamizidwe kusanza, pakuti asidiyo adzawochanso kum'mero pobwerera. Asapatsidwe soda kapena cidulo. Atsukuluze m'kamwa ndi madzi, natengedwe msanga kupita ku cipatala pamodzi ndi botolo, kuti a cipatala adziwe cimene wamwa. Wopuma utsi wa nitric acid apite ku cipatala ngakhale akumva bwino, cifukwa mapapu akhoza kuyamba kuvuta patapita maola angapo.

KUTAYA ASIDI WOTHA NCHITO

Asidi wotsala sathiridwa pa dzala, m'ngalande, m'dambo kapena pafupi ndi citsime. Dziko lino linaona kukula kwa ngozi yotere pa 18 Febuluwale 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi linagumuka pafupi ndi Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inaonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa kanthawi. Pofuna kupha asidiyo, m'mtsinje munathiridwa laimu wambiri. Botolo la mmisiri ndi laling'ono poyerekeza ndi damu, komanso citsime ca mudzi ndi cacing'ono poyerekeza ndi Kafue, ndipo madzi akatayika saoleka.

Asidi wocepa akhoza kuphedwa panja pomuthira pang'ono-pang'ono m'ndowa yaikulu ya pulasitiki yokhala ndi madzi osakaniza laimu kapena soda, kufikira thovu litatheratu. Madzi amene anadyetsera mkuwa amakhalabe ndi poizoni wopha nsomba ndi mbeu ngakhale asidi wafa. Oterowo asiyidwe pamalo ochinga kuti aphwe, matope otsala asungidwe m'cigubu cotseka, ndipo mwini wake afunse a khonsolo kapena bungwe la ZEMA, limene pansi pa lamulo la 2011 limayang'anira zinyalala zoopsa m'Zambia. Batire lakufa lisaswedwe pa mudzi, cifukwa kuonjezera pa asidi liri ndi mtovu umene umaononga ubongo wa ana. Liperekedwe lathunthu kwa ogulitsa mabatire kapena osonkhanitsa akale.

Mvula ya m'cigawo cino imayamba mwezi wa Novembala ndi kutha ca mu Epulo, ndipo miyezi imeneyi ndiyo nthunzi ya asidi imapeza cinyezi coculuka. Kanyumba ka njerwa zocepa, ndowa ya pulasitiki, mcenga ndi laimu wodzaza kapu sizifuna ndalama zambiri. Mmisiri aliyense, ndi banja liri lonse losunga batire, ayang'ane pa mathandala ndi m'ngodya za nyumba sabata ino, ndipo botolo liri lonse la asidi lopezeka pakati pa zida lituluke dzuwa lisanalowe.